Ndikufuna kuwerenga za Wicca, ndiyambire buku liti?

Nachisale_Leeds

Moni nonse. Ndili ndi funso koma chonde amene mukufuna kundilalikira dikirani kaye, ndinakulira mu mpingo ndipo mavesi ake ndikuwadziwa. Ndimakhala ku Leeds ku England, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nde pali mayi wina amene timakhala limodzi pa shifiti ya usiku, iyeyo ndi wa chipembedzo chija amati Wicca. Munthu wabwinobwino, wa ana ake, wodandaula za lendi ngati tonsefe. Takhala tikucheza nkhani zimenezi ndipo ine zandikoka mtima, makamaka zoti amalemekeza mulungu wamkazi ndi wamwamuna pamodzi komanso zikondwerero zawo zimatsata mwezi ndi nyengo za pachaka. Sindikunena kuti ndalowa ayi, ndikufuna ndiwerenge kaye ndimvetse.

Vuto nde ili. Ukafufuza pa intaneti aliyense ali ndi mndandanda wake, wina akuti yamba ndi Gerald Gardner poti ndi mwini filimu amene anayambitsa Wicca, wina akuti Gardner usamuyandikire n'komwe, wina akuti Scott Cunningham basi, winanso akuti za Cunningham si Wicca yeniyeni. Pa TikTok nde osanena, aliyense akungogulitsa makandulo ndi timiyala. Mnzangayo akuti iye anaphunzira kwa anthu osati m'mabuku nde sanandithandize kwenikweni. Ndalama zanga n'zowerengeka, mukudziwa kale kuti malipiro akangolowa ena amapita kumudzi, sindingagule mulu wa mabuku. Ngati alipo anawerengako ndiuzeni awiri kapena atatu, ndipo mundiuzenso chifukwa chake osangoponya mayina.

Phiri_wa_ku_Bristol

Achemwali, ine si wa Wicca, ndine munthu wongokonda mbiri, koma mabuku a nkhaniyi ndawerengako ndithu. Langizo langa ndi loti Gardner mumusunge kaye, mudzamuwerenge mutadziwa kale kuti anali ndani, apo ayi mumeza zinthu zoti ngakhale a Wicca eni ake ambiri masiku ano sazikhulupiriranso.

Mwachidule nkhani yake ili chonchi. Mkuluyu anabadwa mu 1884 kufupi ndi Liverpool, anakhala zaka zambiri ku Ceylon, Borneo ndi Malaya, poyamba m'minda ya tiyi ndi labala kenako m'boma la atsamunda ngati wa kasitomu, n'kubwerera ku England atapuma ntchito mu 1936. Iye ankanena kuti mu 1939 analowetsedwa mu kagulu kachinsinsi kudera la New Forest kumwera kwa England, kagulu komwe akuti kanasunga chipembedzo chakalekale chikhristu chisanafike. Mu 1951 boma linachotsa lamulo lakale la 1735 lokhudza ufiti, nde njira inatseguka, mu 1954 anatulutsa Witchcraft Today kenako The Meaning of Witchcraft mu 1959. Buku loyambalo analilemba ngati mlendo wongoonerera amene anthuwo amulola kuti awafunse mafunso, chonsecho mtsogoleri wa gululo anali iye yemwe, ndipo limadumphadumpha, pano akukamba za anthu afupiafupi akale a ku Britain, patsamba lotsatira wafika kwa a Knights Templar, gulu la asilikali achikhristu akale. Munthu woyamba kumene angosokonezeka mutu.

Chachikulu n'chakuti maziko a bukulo ndi maganizo a Margaret Murray, mayi amene anali katswiri wa za Egypt koma mu 1921 analemba The Witch-Cult in Western Europe, momwe ananena kuti anthu amene ankazengedwa milandu ya ufiti ku Ulaya anali otsatira chipembedzo chimodzi chakale chobisika. Ndi iyenso analemba mawu oyamba a buku la Gardner lija. Akatswiri a mbiri atabwerera ku mapepala a makhoti, makamaka m'ma 1970, anapeza kuti mayiyu ankasankha timizere tomukomera n'kusiya tina, ndipo chipembedzo chobisikacho umboni wake palibe. Ophedwawo ambiri anali akhristu wamba onamiziridwa ndi oyandikana nawo. Mukaonanso buku likunena kuti anawotchedwa anthu 9 miliyoni dziwani kuti wolembayo sanafufuze, akatswiri amati ophedwa ku Ulaya konse anali pakati pa 40,000 ndi 60,000, ndipo ku England sankawotcha, ankanyonga.

Nde buku limene ine ndingakupatseni ndi The Triumph of the Moon la Ronald Hutton, pulofesa wa pa yunivesite ya kuno ku Bristol, linatuluka mu 1999 ndipo analikonzanso mu 2019. Hutton amaonetsa komwe chidutswa chilichonse chinachokera, madigiri atatu (masitepe amene wolowetsedwa amakwera) ndi malumbiro zikufanana ndi za bungwe lachinsinsi la a Freemason, mawu ena a m'miyambo yoyambirira anatengedwa kwa Aleister Crowley, mlembi wa zamatsenga amene Gardner anakumana naye mu 1947, ena mu buku la Aradia la Charles Leland la 1899, chikondi cha mwezi ndi nkhalango chinachokera kwa alakatuli a zaka za m'ma 1800, ndiye kuphatikizapo za asing'anga a m'midzi ya ku England. Koma sanyoza ayi, amalemba mwaulemu ndipo mfundo yake ndi yoti ichi ndi chipembedzo chatsopano chobadwira ku England ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Ndi lalikulu, zilembo zake zing'onozing'ono, theka loyamba likakutopetsani dumphani mupite pamene payambira nkhani ya Gardner, mudzabwerera pambuyo. Ndipo musagule, pitani ku Leeds Central Library, khadi ndi yaulere, ngati lilibe pa shelefu akhoza kukuitanitsirani.

Mayi_a_Tada_Jozi

A Phiri mwalankhula bwino koma mukufuna kumupha mwana wa eni kkkk. Munthu wochoka ku shifiti ya usiku mukumupatsa Hutton? Agona pa tsamba lachitatu. Mbiri ndi yofunika, sindikukana, koma achemwaliwa anena kuti chawakoka ndi mwezi ndi nyengo, nde ayambe ndi buku lowauza kuti anthuwa amachita chiyani akatseka chitseko.

Ine ndimachita ndekha kuno ku Johannesburg, ndilibe gulu, ndipo ndinganene kuti yambani ndi Cunningham yemweyo, Wicca: A Guide for the Solitary Practitioner, la 1988. Ndi lalifupi, chizungu chake n'chosavuta, amakufotokozerani za mulungu wamkazi ndi wamwamuna, kakonzedwe ka guwa, kujambula bwalo lozungulira musanayambe mwambo, miyambo ya mwezi ukakhala wathunthu ndi zikondwerero 8 za pachaka, ndipo kumapeto anaikako miyambo yolembedwa kale yoti munthu akhoza kuyesa. Chimene ndimamukondera n'choti sakuopsezani komanso sakuuzani kuti mugule zodula, kapu ya kukhitchini ndi kandulo wamba zakwana. Chofooka chake nachonso chilipo, amafewetsa zinthu kwambiri, ukamaliza umaona ngati zonse ndi maluwa ndi kumwetulira, komanso za magulu olowetsana mwachinsinsi sanena zambiri chifukwa cholinga chake chinali kuthandiza anthu okhala kutali ndi magulu ku America nthawi imene kunalibe intaneti. N'chifukwa chake ena amati si Wicca yeniyeni. Mkangano umenewo ndi wakale, sutha lero.

La Raymond Buckland lija la buluu lalikulu, Complete Book of Witchcraft la 1986, anthu amalitchula kwambiri poti linalembedwa mwa maphunziro, phunziro lililonse lili ndi mafunso kumapeto. Kwa okonda homuweki ndi labwino. Koma mbiri ya kumayambiriro kwake ndi ya Murray yomwe a Phiri akunenayo, ndipo amalowetsamo zambirimbiri, kuona m'manja, maloto, zitsamba, kusoka mkanjo, mpaka umaiwala kuti unabwerera chiyani. Ngati ndalama ndi ya buku limodzi lachiwiri bola Witchcraft for Tomorrow la Doreen Valiente, 1978. Mayi ameneyu ankadziwa kulemba, ndipo ndi mmodzi mwa oyamba ochokera mkati mwenimweni kunena poyera kuti munthu akhoza kuyamba yekha.

Chinthu china chimene mabukuwa sakuuzani, inu muli ku Leeds nde muli pabwino koma ena akuwerenga ali kumwera kuno. Kalendala yonse ija inapangidwira nyengo za ku Britain. Samhain pa 31 Okotobala ndi polowera nyengo yawo yozizira, masamba akugwa, Yule cha pa 21 Disembala ndi usiku wautali kwambiri, Imbolc koyambirira kwa Febuluwale, Beltane pa 1 Meyi polowera chilimwe chawo, Lammas pa 1 Ogasiti pokolola tirigu. Kuno pa 31 Okotobala mitengo ya jakaranda ili mbuu ndi maluwa, dzuwa likuswa mtengo, ungachite bwanji mwambo wa kufa kwa chaka? Nde ambiri kuno ndi ku Australia amatembenuza kalendala ndi miyezi 6, Samhain imagwa kumapeto kwa Epulo. Olo utatembenuza sizikwanirabe, chifukwa kwathu chimene chimalamulira chaka ndi mvula, kubwera kwake ndi kutha kwake, ndipo palibe buku la ku England limene linaganizirapo zimenezo.

Komanso chonde, zitsamba zotchulidwa m'mabuku akale monga belladonna ndi henbane ndi poizoni weniweni, zowerenga chabe zimenezo osati zoyesa.

Mbewe_Area25

Ine sindilalikira monga mwapemphera, aliyense ndi mtima wake. Koma mlongo wanga kumbukirani kuti tsiku lina mudzakwera ndege kubwera kuno. Mabuku mukutchulawa pachikuto pali nyenyezi ya nsonga zisanu ndi mawu oti witchcraft olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo msuweni wanu akalipeza m'chikwama sadzafunsa kuti Hutton ndi ndani. Kuno nkhani imeneyi imaphetsa anthu, mukukumbuka ku Neno mu 2016 agogo anayi a banja limodzi anaphedwa ndi anthu mphenzi itapha mtsikana. Lamulo la za ufiti la 1911 lija likadalipo ndipo limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti koma kumudzi ndani amaliwerenga. Ndikumva kuti zanuzo ndi zina, zovina mozungulira ndi kuyatsa makandulo, palibe ndege ya lichero, koma ovutika sadzakhala inu, adzakhala mayi anu otsala kumudzi. Werengani pa foni kapena muwasiye ku Leeds konko. Ndi pa Facebook pomwe samalani zimene mukuika.

Nangozo_Brighton

A Mbewe anena zoona, ine abale anga akumudzi sadziwa ndipo sindikuona chifukwa chowauzira.

Achemwali, ine ndikuphunzira ndi gulu la mzere wa Gardner kuno kumwera, sindinalowetsedwe, ndili pa gawo lakunja limene umaphunzira kaye kwa chaka ndi tsiku limodzi kapena kupitirira iwo akukuona khalidwe nawenso ukuwaona. Ndikufuna ndikuthandizeni pa chimene chakusokonezani chija, choti wina akuti Cunningham wina akuti ayi. Onse akunena zoona chifukwa akukamba zinthu ziwiri zosiyana zokhala ndi dzina limodzi.

Pali Wicca yolowetsana, ya ma coven, timagulu ting'onoting'ono tomwe mwamwambo sitipitirira anthu 13, totsogoleredwa ndi wansembe wamkulu wamkazi pamodzi ndi wamwamuna. Mizere yake ikuluikulu ndi iwiri, wa Gardner ndi wa Alex ndi Maxine Sanders umene unayambira ku Manchester m'ma 1960 n'kusamukira ku London, amautcha Alexandrian. Umo munthu amalowetsedwa ndi wina amene naye analowetsedwa, pali madigiri atatu, pali lumbiro, ndipo Book of Shadows, buku la miyambo ya gululo, umakopera kwa amene anakulowetsa. Kenako pali Wicca ya aliyense payekha, yomwe inakula chifukwa cha mabuku ngati la Cunningham, ndipo masiku ano anthu ake ndi ochuluka kuposa a ma coven. Mnzanu wa kuntchito uja ponena kuti anaphunzira kwa anthu ndikuganiza kuti ndi wa mtundu woyambawu, ndipo sikuti amakumanani, pali zina sangakuuzeni basi. Ife a ku Dedza sitidabwa nazo, za kudambwe ungawerenge m'mabuku a azungu a mishoni mpaka kutopa koma ukadali wosameta.

Ngati mtundu woyambawu ndi umene ukukukokani, mabuku ake ndi ena. Ine ndimayamba kupatsa anthu la Vivianne Crowley, Wicca: The Old Religion in the New Age, linatuluka mu 1989 kenako analikonzanso n'kusintha mutu pang'ono. Si m'bale wake wa Aleister uja ayi, dzina chabe. Mayiyu analowetsedwa m'mizere yonse iwiri komanso ndi katswiri wa za maganizo, nde amafotokoza chimene mwambo umachita mkati mwa munthu, chifukwa chake pali bwalo, chifukwa chake pali madigiri. Amadalira kwambiri maganizo a Carl Jung, katswiri wa za maganizo wa ku Switzerland, ndipo ena zimawatopetsa, ine sizindivuta. Lachiwiri ndi Traditional Wicca: A Seeker's Guide la Thorn Mooney, la 2018, lolembedwa ndi wa ku America koma ndi lokhalo ndikulidziwa lomwe limakamba zenizeni za kufunafuna gulu, kalata yoyamba ulembe bwanji, ufunse mafunso otani, uthawe ukaona chiyani.

A Witches' Bible la Janet ndi Stewart Farrar ndi mabuku awiri omangidwa pamodzi, Eight Sabbats for Witches la 1981 ndi The Witches' Way la 1984, ndipo anagwira ntchito limodzi ndi Valiente pofufuza kuti mawu a miyambo anachokera kuti. Muli nyama yambiri koma si loyambira. Miyambo yake imafuna gulu, maganizo ake pa nkhani ya mwamuna ndi mkazi ndi a nthawi imeneyo, komanso muli zithunzi za anthu osavala, nde osaliwerengera m'basi kapena pa tebulo la kuntchito. Za kusavalazo ndi zoona, ma coven ambiri a mzere wa Gardner amachita miyambo ali chomwecho, ena amavala mikanjo, ndipo gulu labwino limakuuza zimenezi poyambirira pomwe.

Pa mbiri ine ndisiyana pang'ono ndi a Phiri. Musanafike kwa Hutton werengani The Rebirth of Witchcraft la Valiente, 1989. Iyeyu analipo, Gardner anamulowetsa mu 1953, ndi amene anamuuza maso ndi maso kuti mawu a Aleister Crowley achuluka mu Book of Shadows ndipo analembanso zigawo zambiri kuphatikizapo Charge of the Goddess, mawu olankhulidwa m'dzina la mulungu wamkazi, imene magulu amawerenga mpaka lero. Anadzapatukana naye mu 1957 chifukwa mkuluyo ankakonda atolankhani mopitirira. Amamufotokoza mwachikondi koma osabisa kuti ankakonda kukometsera nkhani, ndipo limawerengeka ngati ukucheza ndi azakhali. Anakhala kuno ku Brighton mpaka kumwalira mu 1999, pa nyumba yomwe ankakhala anakhomapo chikwangwani cha buluu chokumbukira mu 2013. Mukadzafuna mbali ina ya mkangano wa New Forest, Philip Heselton anafufuza mayina ndi nyumba za anthuwo ndipo iye amaona kuti kagulu kanalipodi, ngakhale sikanali kakale monga ankanenera Gardner.

Chomaliza ndipo ichi ndikunena ngati mkazi mnzanu. Gulu loona la mzere umenewu sililipiritsa ndalama kuti likulowetseni, mwina kusonkherana za makandulo ndi chakudya basi, sililowetsa mwana wosakwana zaka 18, silikuthamangitsani, ndipo aliyense wokuuzani kuti kuti mulowe mugone naye kaye ameneyo ndi chilombo chabe, tsekani foni. Kukumana koyamba kumakhala pagulu, mu pub kapena mu cafe. Bungwe la Pagan Federation, lomwe linayamba mu 1971, limalengeza misonkhano yotere ya m'madera, amaitcha moot, umangopita kukakhala n'kumamvetsera, palibe akufunse kuti ulumbire kanthu. Pa kalembera wa 2021 ku England ndi Wales anthu pafupifupi 74,000 analemba kuti ndi ma pagan, dzina lophatikiza zipembedzo za mtundu umenewu, ndipo ena 13,000 analemba Wicca, nde mumzinda waukulu ngati Leeds simungasowe anthu.

Nachisale_Leeds

Zikomo kwambiri nonse, a Mbewe ndamva ndipo sindikutsutsa. Nde ndaganiza zogula Cunningham ndi The Rebirth of Witchcraft, Hutton ndikabwereka ku laibulale. Funso lina laling'ono, mnzanga uja anatchulapo The Spiral Dance, palibe walitchula pano, ndi loipa? Komanso ndifunse mosabisa, m'mabuku onsewa muli munthu wakuda olo mmodzi?

Phiri_wa_ku_Bristol

Si loipa, kungoti ndi nthambi ina. Mayi wina wa ku America wotchedwa Starhawk analitulutsa mu 1979 ku San Francisco, linachokera mu gulu lomenyera ufulu wa amayi ndi kuteteza chilengedwe, ndipo maphunziro ake anawatenga kwambiri ku mwambo wa Feri wa Victor ndi Cora Anderson osati kwa Gardner. Kalembedwe kake n'kokoma, zochita zake za kupuma, kusinkhasinkha ndi kuimba pagulu anthu amazigwiritsabe ntchito. Mbiri ya mu chaputala choyamba ndi yomwe ija ya chipembedzo cha zaka masauzande ndi mamiliyoni owotchedwa, nde pezani kope la pambuyo pake lomwe iye mwini anawonjezamo ndemanga kumapeto. Chaka chomwecho Margot Adler, mtolankhani wa wailesi ya NPR ya ku America, anatulutsa Drawing Down the Moon atayendera magulu osiyanasiyana ku America, limenelo ndi labwino mukafuna kuona kuti anthuwa ndi amitundumitundu bwanji.

Funso lachiwirilo yankho ndi loti pafupifupi ayi. Milungu yotchulidwa ndi ya ku Ulaya, ya Agiriki, Aroma, Aselote, mwina Isis wa ku Egypt, ndipo Gardner mwini anali munthu wa nthawi ya atsamunda, mukadzamuwerenga muziona nokha mmene amakambira za anthu a ku Africa ndi ku Asia. Mabuku ena atsopano amatola Oshun kapena Yemaya n'kuwaponya pa mndandanda wa milungu yoti usankhepo ngati kuti alibe eni ake, chonsecho zipembedzo za Ayoruba, Santería ndi Vodou zili ndi ansembe awo ndi malamulo awo olowera.

Mayi_a_Tada_Jozi

Awiri mwasankhawo musagule atsopano, a Cunningham ogwiritsidwa kale ntchito ali mbwee pa eBay ndi m'mashopu a charity, mtengo wa sangweji. Ndipo mugule kope wamba la mizere muzilembamo tsiku, mmene mwezi ulili ndi chimene mwawerenga, pakatha miyezi ingapo mudzaona nokha ngati zikukukokanibe kapena munangotengeka ndi macheza a pa shifiti. Mukadzapita ku London kuli Atlantis Bookshop pa Museum Street pafupi ndi British Museum, yomwe Gardner ankapitako, ndi Treadwell's ku Bloomsbury komweko, kulowa kukasanthula mabuku salipiritsa.